Njerwa za Kuseri kwa Sukulu

Abale ndi alongo, pa yunivesite ina m'dziko muno panali mphunzitsi wina wa mbiri yakale. Anali munthu wophunzira ndithu, koma dzina lake silinkamveka. Anzake a za mankhwala ndi a za ulimi ankalandira thandizo la kafukufuku chaka ndi chaka, pamene iye ankangotha choko. Tsiku lina akuluakulu a yunivesite anamuitana n'kumuuza mosapsatira mawu kuti, "Adokotala, mbiri yakale sikutibweretsera kanthu. Chaka chino mukapanda kupeza thandizo la kafukufuku, ntchito yanu ithera pomwepa."

Chaka chomwecho bungwe lina linalengeza kuti lithandiza mphunzitsi mmodzi wofufuza za chikhalidwe, zilankhulo kapena mbiri ya anthu. Mmodzi yekha, opempha ali mbwee! Koma munthu wathuyu mtima unali m'malo, poti anali ndi nkhani imene anaigwirira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. M'mudzi wina wa kumapiri a ku Ntcheu munali sukulu yakale ya njerwa zootcha. Pakhomo pake panali chikwangwani cha mayina a amuna khumi ndi awiri amene kale anapita kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni. Iye analemba kuti amunawo, atabwerako ndi nzeru za kunja, ndiwo anamanga sukuluyo. Pepala lake linali losalala, lopanda pogwira.

Nanga nkhaniyi anaitola bwanji? Akafika m'mudzimo ankamupatsa mpando pansi pa mtengo wa mango, amuna n'kumuzungulira. Amayi ankakhala pamphasa chapatali, ali duu. Ndiye m'kope lake analembamo kuti, "Amayi analibe chonena." Kodi anawafunsa? Ayi, sanawafunse. Ndi madigiri ake onsewo, anaiwala zimene ngakhale wogulitsa makala amadziwa, kuti kwathu kuno mayi satsutsa mwamuna wake pamaso pa mlendo.

Bungwe lija linali ndi lamulo. Wopempha thandizo ankayenera kukawerengera eni nkhani zimene walemba, n'kubweretsa kalata yosonyeza kuti iwo amva ndipo avomereza. Tsiku lomaliza kupereka mapepala linali Lachisanu. Choncho Lolemba m'mawa mphunzitsi uja ananyamuka ulendo wa kumudzi kuja, maganizo ake ali oti akangotenga kalatayo n'kubwerera.

Atafika anapeza kuti amuna onse apita kumsika wa ng'ombe. Pamudzi panali amayi okhaokha, akutong'ola chimanga pakhonde. Kudikira kukanamutayitsa nthawi, ndiye anangoyamba kuwawerengera iwowo m'Chichewa.

Atafika poti amuna a ku Joni ndiwo anamanga sukulu, mayi wina anagwira pakamwa. Wina anatembenukira kukhoma. Kenaka chiseko chinaphulika, mpaka ena kumapukuta misozi ndi chitenje. Amene anaseka koposa anali a Nangozo, mayi wachikulire wogulitsa tomato pamsewu, amene pakamwa pawo ankapaopa ngakhale makondakitala a minibasi.

"Aphunzitsi, paja amati safunsa anadya phula," anatero a Nangozo. "Amuna athuwo anabwera ndi zipewa ndi mawailesi. Sukulu anaipeza itafika kale pofolera. Tadzukani, tiyeni kuseri."

Kuseri kwa sukuluyo pulasitala sanafikeko, njerwa zinali pamtunda. A Nangozo anapukuta fumbi ndi dzanja. Pa njerwa iliyonse panali chizindikiro: apa timizere titatu, apo kamtanda, pena timadontho. Anamufotokozera kuti mayi aliyense ankajambula pa njerwa zake, zikadali zaziwisi, mphini zonga za kumaso kwake, kuti pasapezeke mlesi wobisala pa thukuta la anzake. Kenaka anaika chala pa njerwa ina, n'kuchiikanso pa tsaya lawo. Timizere take tinali tomwetomweto.

"Madzi tinkatunga kudambo, mwana ali kumsana. Uvuni tinaotcha tokha. Iwowo anangokhoma malata n'kulemba mayina awo."

"Nanga amayi, zaka zonsezi osandiuza bwanji?" anafunsa mphunzitsi uja.

"Munatifunsa liti? Inu paja mumakhala pampando."

Manyazi amene anamugwira munthu uja sindingathe kuwafotokoza. Chikwangwani cha kutsogolo anali atachijambula kambirimbiri, koma kuseri anali asanapondeko ngakhale kamodzi. Anabwerera kutauni wopanda kalata, mutu uli zyoli.

M'mawa mwake anafotokozera mnzake wa ofesi yoyandikana nayo, Dokotala Kanyumbu. Mnzakeyo anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, musadziphe nokha. Ndani wa kubungweko adzapite kukasuzumira kuseri kwa sukulu ya kumudzi? Amuna aja asayina kalata mawa lomweli. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tumizani pepalalo mmene lililimo."

Tisaname, abale, mawu amenewo anamukoka mtima. Pepala labodza linali lokonzeka kale. Pepala loona linali lisanalembedwe n'komwe, masiku atatsala atatu. Kunyumba kunali banja lodalira ntchito yomweyo. Ndiponso m'masukulu aakuluakuluwa, kumva munthu wa digiri akunena kuti "ndinalakwitsa" n'kosowa ngati mvula ya mu Ogasiti. Anatseka chitseko cha ofesi masana omwewo n'kugwada. Sanapemphe kuti apambane ayi. Anapempha kuti Mulungu amuchotsere mantha. Atadzuka anatenga pepala lake lokongola lija, la zaka zisanu ndi chimodzi, n'kulitsekera m'kabati.

Lachitatu anabwereranso kumudzi. Atamubweretsera mpando anaukana mwaulemu, n'kukhala pamphasa. Amayi anamutchulira mayina a oumba njerwa onse, amoyo ndi omwalira omwe, aliyense ndi chizindikiro chake. Anakwana makumi atatu ndi anayi. Amuna ena anang'ung'udza, koma nkhalamba ina, a Kalonjere, imene dzina lake linali pachikwangwani chija, inakweza dzanja. "Akunena zoona amayiwa," inatero. "Ife tinkachita manyazi kuti tabwera n'kupeza ntchito itatha." Atawafotokozera zimene akalembe tsopano, kalata ija amayi anaidinda ndi zala zawo, ndipo a Kalonjere anasayina m'munsi.

Lachinayi lonse anakhalira kulemba, chakudya osachikumbuka. Lachisanu anapereka pepala latsopano ofesi itatsala pang'ono kutsekedwa. Linali lalifupi, losapsa bwino, ndipo linayamba ndi mawu akuti: "Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuphunzitsa zolakwika, ndipo amene andikonza ndi amayi awa." Pansi pake panatsatira mayina onse aja.

Patatha mwezi, opempha thandizo anaitanidwa kukaonekera pamaso pa oweruza a bungwe lija. Aliyense analowa akutchula mabuku amene walemba ndi mayiko amene wapondako. Itafika nthawi yake, wapampando, pulofesa wina wamayi wa maso akuthwa, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Adokotala, mwagwetsa nokha ntchito yanu yonse. Ife tikukhulupirireni bwanji?"

"Amayi, ndinalakwitsa chifukwa ndinkafunsa theka la mudzi," anayankha. "Ndipatseni mwayi ndikafunse theka linalo. Midzi yotere ilipo yambiri, ndipo eni nkhani akutha."

Iye anatuluka akuganiza kuti basi zake zada, akayambe kulongedza mabuku.

Koma Mulungu si munthu! Sabata yotsatira kalata inafika. Thandizo lonse la zaka zitatu linaperekedwa kwa iye. Oweruza analemba kuti pa mapepala onse amene analandira, lake lokha ndi limene linawaphunzitsa chinthu chimene sankachidziwa. Akuluakulu a yunivesite aja, amene ankati mbiri yakale ilibe phindu, anayamba kumugwira chanza ndi manja awiri. Ntchito yake inakhazikika, ndipo pasanathe zaka ziwiri anamukweza kukhala pulofesa. Dokotala Kanyumbu akamuona m'njira ankangoyang'ana nsapato zake.

Pa tsiku lomulemekeza, holo ya yunivesite inadzaza. Iye anali atatumiza basi kumudzi kuja, ndipo amayi anakhala mizere yakutsogolo, atavala zitenje zofanana. Ataimirira ndi mkanjo wake wofiira, sanayambe ndi za iye mwini. Anawerenga mayina makumi atatu ndi anayi, limodzilimodzi. Pa dzina la wamoyo, mwini wake ankaimirira. Pa dzina la womwalira, ankaimirira mwana wake wamkazi. Nthungululu zinagwedeza holo imene inazolowera kuwomba m'manja kwaulemu, ndipo mapulofesa ena anaoneka akuchotsa magalasi kuti apukute m'maso. Munthu uja anasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku limene analandira digiri yake yoyamba.

Tsono abale ndi alongo, tanthauzo la fanizoli ndi ili. Tonsefe tili ndi pepala lathu losalala limene timaonetsa anthu, ndipo pali choonadi china chimene tikuchidziwa koma tikuopa kuchitchula. Mdyerekezi sabwera ndi nyanga. Amabwera ngati mnzako wokufunira zabwino, n'kukunong'oneza kuti, "Adziwa ndani?" Koma Mulungu sadalitsa bodza, ngakhale litalembedwa m'chizungu chokoma. Iye amakweza munthu amene watsika pansi n'kuvomera kulakwa kwake, nabwezera ulemu kwa eni ake. Mwina pali mkazi wako, mwina wantchito wako, mwina mnzako amene thukuta lake ukudyerapo dzina. Mawu akuti "ndinalakwitsa", amene ukuopa kuti akugwetsa, ndi omwewo amene Ambuye akudikira kuti akukwezere. Usadikire kuti anthu akugwire. Pita ukawanene wekha, lero lomwe lino.