Munthu Amene Anamata Bowo la Nkhata

Panali munthu wina, katswiri wa sayansi, amene ntchito yake inali kuwombanitsa maphata a maatomu. Phata ndi kanjere ka pakatikati pa atomu, kosaoneka ndi maso. Iye ankatenga maphata olemera, a golide, n'kuwathamangitsa m'makina mpaka awombane mutu ndi mutu. Zidutswa zikamwazika, makina ankaziwerenga, ndipo kompyuta inkajambula mmene chinthucho chinalili chisanasweke.

Munthuyu anatchuka ndi chiphunzitso chimodzi, chakuti maphata akawombana amaumbika n'kukhala mpira wodzaza, wopanda mpata. Anachilemba m'buku, ndipo ana asukulu ankachiloweza pamtima.

Tsiku lina chithunzi chinatuluka chachilendo. Sichinali mpira. Chinali chozungulira ngati nkhata, pakati pali bowo. Mayi amene ankagwira naye ntchito, nayenso katswiri, anachiyang'ana nati, "Bambo, tibwerezenso. Mwina zikawombana mwamphamvu chonchi zimafufuma, pakati n'kutsala popanda kanthu."

Anabwereza. Nkhata inabweranso.

Apa munthu uja anaona vuto. Msonkhano wa akatswiri unali pafupi, ndipo iye anali atalonjeza kale kukaonetsa mpira. Akaimirira bwanji pamaso pa anzake n'kunena kuti buku lake ndi lolakwa? Mayi uja atapita kukadya, iye anakhala pa kompyuta, natenga manambala a m'mphepete n'kuwathira pakati, monga timamatira ming'alu ya khoma tikamva kuti kukubwera alendo. Kwa mayi uja ananama kuti makina ndiwo anasokonekera, ndipo wawakonza.

Ku msonkhano anamuwombera m'manja, iye n'kukhala pansi mapewa ali m'mwamba. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pambuyo pake panaimirira mlendo wa dziko lina, amene anawombanitsa maphata omwewo pa liwiro lomwelo. Anaonetsa chithunzi chake. Inali nkhata, bowo lili yasa.

Mlendoyo anali wodzichepetsa. Anatembenukira kwa munthu uja nati, "Akulu, makina anu ndi abwino kuposa anga. Ngati kwanu bowo silinaoneke, ndiye kuti wolakwa ndine. Tangonenani, ine ntchito yangayi ndiitaya lero lomwe."

Munthu uja anayang'ana mayi uja. Mayiyo anali atazolika, akuchita manyazi m'malo mwake. Pamenepo munthu uja anaimirira.

"Musaitaye, bambo," anatero. "Bowolo ndinaliona, kawiri konse. Ndinalimata ndine."

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Anthu ankangoyang'ana nsapato zawo. Chinthu chachikulu chimene munthuyu anapezapo moyo wake wonse chinali bowo limenelo, ndipo analitseka ndi manja ake omwe.

Tsono inu ana anga amene ndimakuphunzitsani sayansi, mawa mukuyamba kupima zinthu nokha. Tsiku lidzafika pamene makina adzakuonetsani chinthu chotsutsana ndi zimene ndakuphunzitsani, ndipo zala zidzayabwa kuti mukonze pang'ono chabe. Kunena kuti "ndinalakwitsa" kumawawa, koma kumapola. Manyazi a mawu akuti "ndinamata" munthu amapita nawo kumanda. Mukapeza bowo musalikhudze. Ndiitaneni tidzaliyang'ane limodzi, ngakhale litakhala m'buku langa.