Mandimu a Dolifa ndi Kalumo ka Mlendo

Ana inu amene munakulira kumapiri, kumene kamphepo kamakupezani ngakhale masana, simulidziwa dzuwa la kuchigwa cha Shire. Kumeneko chilimwe chikafika pachimake, nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, mchenga umawotcha kumapazi, ndipo ng'ombe zimakanganirana mthunzi wa mtengo umodzi. Nkhani ya mwambi umene ndikufuna kukuuzaniwu inachitikira kumeneko, agogo anu akadali ana.

Kunali mayi wina dzina lake Dolifa, mkazi wa Chakanza woweta ng'ombe. Dolifa anali ndi manja odala. Thobwa lake ankalitumira uthenga kuchokera kumidzi yakutali, ndipo pa ukwati kapena pamaliro, amayi anzake sankaika mphika pamoto iye asanafike. Kuseri kwa nyumba yake kunali mtengo wa mandimu aja ang'onoang'ono obiriwira, umene iye ankauthirira ndi madzi otsukira mbale, kotero unkabala ngakhale mitengo ina itayoyola masamba.

Chaka chimenecho mwana wake wamkazi, Enelesi, anali ndi pathupi poyamba. Mwamuna wake anali kutali kuntchito, choncho Enelesi ankakhala pakhomo pa makolo ake. Pathupipo panamutenga moipa. Phala akadya linkabwerera, thobwa la amayi ake lotchuka lija akangolinunkhiza ankatembenukira kukhoma, ndipo kenaka ngakhale madzi anayamba kumukana. Milomo inang'ambika, maso analowa m'kati. Azamba a m'mudzimo atamuona anapukusa mutu nati apite naye kuchipatala, koma anachenjeza kuti ulendo wa pangolo ndi wautali, ndipo munthu wouma chotero sangaupirire ngati m'mimba simunakhazikikemo kanthu.

Chinthu chimodzi chokha chimene Enelesi ankapempha chinali mandimu. Koma akayamwa ndimu, madzi ake owawasa ankamuwotcha m'mimba mopanda kanthumo. Dolifa anaganiza kuti mkaka ndiwo ungamupatse mphamvu, ndipo mandimu angaphe fungo lake limene linkamuchititsa nseru. Anafinyira ndimu mumkaka wa m'mawa, mkaka unagwirana zibuluma ngati chambiko. Tsiku lina anasinja mandimu athunthu mumtondo, nathira madzi ndi shuga, koma zinatuluka zowawa ngati ndulu. Anayesanso, nayesanso. Zonse zinkathera kwa agalu, ndipo ng'ombe, posowa msipu, zinkatulutsa mkaka wochepa tsiku ndi tsiku.

Masana ena Dolifa anakhala pansi pa mtengo wa mandimuwo, mbale ya mkaka wogwirana ili pamiyendo, misozi ikungotsika. Mayi amene anadyetsa mazana a anthu ankalephera kumwetsa mwana wake mmodzi.

"Odi kuno eni khomo!"

Anali bambo wachikulire, wamtali, wa fumbi mpaka m'mawondo, atakoleka kathumba ka chikopa paphewa. Anati dzina lake ndi Fombe, wometa tsitsi woyendayenda, wochokera kutsidya kwa mtsinje, ndipo ankangopempha madzi akumwa. Dolifa anapukuta m'maso, namutungira madzi mumtsuko, nagwada pomupatsa monga mwa ulemu. Mlendoyo atamwa anayang'ana mbale ija, nayang'ana makoko a mandimu amene anali mbwee pansi.

"Pepani amayi, mlendo safunsa za m'nyumba," iye anatero, "koma mkaka m'chilimwe chino sautaya chonchi popanda chifukwa. Kodi pali wodwala?"

Dolifa sankakonda kuuza anthu osawadziwa mavuto ake, koma tsikulo mtima unali utadzaza, ndipo anafotokoza zonse. Fombe anamvetsera mpaka kumapeto osamudula mawu.

"Maganizo anu ndi abwino, amayi," anatero pambuyo pake. "Ndimu ndi mkaka zimatheka kukhala m'chikho chimodzi. Ndili mnyamata ndinkameta anthu kudoko la kunyanja yamchere, ndipo amayi a kumeneko ankapangira ana awo chakumwa chimenechi dzuwa likakula. Mukandilola ndikuonetsani."

Anatsegula kathumba kake natulutsa kalumo kakang'ono kopinda, konyezimira.

Apo n'kuti Chakanza akuchokera kukhola ndi kachikho ka mkaka, wotsala wa tsikulo. Ataona chitsulo m'manja mwa munthu wachilendo, nkhope inasintha.

"Amake Enelesi, kodi mwazungulira mutu? Munthu sitikudziwa kwawo, walowa ndi lumo pakhomo pamene pali mayi woyembekezera, inu n'kumamumvera? Ndiponso ndi liti mwamuna wometa ndevu anaphunzitsa inu za kukhitchini?"

Mawu omalizawo anamulasa Dolifa pamalo pake penipeni, chifukwa nayenso ankaganiza zomwezo. Anthu akadzamva kuti Dolifa wa thobwa waphunzitsidwa kusakaniza mkaka ndi munthu wapaulendo, adzati chiyani? Koma ali chiganizire, anamva Enelesi akubuula m'nyumba, ndi mawu ofooka ngati a mwana wa mbuzi.

"Abambo," Dolifa anayankha mwamuna wake modekha, "nzeru zanga zathera pamtengo pano. Zikanakhala zokwanira, bwenzi mwana wathu atamwa kale. Ndipatseni mkakawo."

Fombe naye anawomba m'manja mwaulemu. "Achimwene, mantha anu ndi oyenera, inenso ndine kholo. Ine sindikhudza chilichonse. Kalumoka kawiritsidwe m'madzi inu mukuona, ndipo manja ogwira ntchito akhale a amayiwa. Ine ndingokhala apa ndi pakamwa panga."

Chakanza anatula chikho chija, nawiritsa kalumoko yekha, nakhala pachitsa, maso ali pa mlendo.

Poyamba Fombe anauza Dolifa kuti aike mkaka pamoto wochepa pamodzi ndi shuga, azitakasa osaleka kufikira utaphwera ndi kulemera ngati phala la khanda. "Mkaka wauwisi umaopa ndimu," anatero, "koma ukakhwima ndi shuga umalimba mtima." Utaphwera, anaukhazika m'beseni la madzi a mumtsuko, naufunditsa chiguduli chonyowa pamthunzi kuti uzizire.

Kenaka anatembenukira ku mandimu. Dolifa anathyola osalala khungu, olemera m'manja, nawatsuka. Mpeni wake wakukhitchini unali wokhuthala, wozolowera chinangwa ndi maungu, ndipo sukanatha zimene mlendoyo ankafuna. Koma kalumo kaja kanangoyenda kokha m'manja mwake. Kanasenda khungu lobiriwira mopyapyala ngati tsamba la anyezi, ndipo fungo lokoma linadzaza bwalo lonse.

"Chobiriwiracho sungani, ndicho chili ndi fungo," anatero Fombe. "Tsopano onani choyera chili pansi pakecho. Lawani pang'ono."

Dolifa analawa, nalavula msanga. Kunali kuwawa kuja kumene kunamuvutitsa masiku onsewa.

"Ndulu ya ndimu ndi imeneyo, amayi. Ili m'chikopa choyeracho, mumtima woyera wapakati, ndi m'njere. Mukasinja zonse pamodzi, palibe shuga angaigonjetse."

Dolifa sanafune kuuzidwa kawiri. Manja ake anagwira luso lija msanga kotero kuti mlendoyo anaseka, nati ndimu yachiwiri waisenda bwino kuposa amayi a kudoko aja. Anachotsa zoyera zonse, natikita nyama ya mandimu ndi makoko obiriwira m'madzi ozizira kanthawi kochepa, nasefa msanga pa kansalu koyera. Tsono anayamba kuthira madzi a mandimuwo mumkaka wozizira uja pang'onopang'ono, dzanja lina likutakasa ndi mthiko mofulumira. Dolifa anayang'anitsitsa, akudikira kuti zibuluma zioneke monga kale. Sizinaoneke. Chakumwacho chinayera mbee, chosalala, chobiriwirira pang'ono, kathovu kali pamwamba.

"Musachisunge," anatero Fombe. "Chikakhalitsa chimawawa. Pitani nacho tsopano."

Koma Chakanza anaimirira natambasula dzanja. "Ndiyambe ine kuchotsa ufiti." Anamwa pang'ono, nayang'ana m'chikho. Kenaka anachibweza kwa mkazi wake ndi manja awiri, napatuka pakhomo kuti adutse.

Dolifa analowa m'nyumba nagwada pamphasa, nadzutsa mutu wa mwana wake. Enelesi anayamba kutembenukira kukhoma monga mwa masiku onse, koma fungo la ndimu linamupeza, ndipo anatsegula maso.

"N'chiyani chimenecho, amayi?"

"Nyowetsa milomo yokha, mwanangu."

Ananyowetsa milomo. Anameza kamodzi. Dolifa anadikira, dzanja lili pafupi ndi beseni losanziramo. Panapita nthawi, ndipo palibe chinabwerera. Enelesi anagwira dzanja la amayi ake nalikokera kukamwa kwake yekha.

"Chikuzizira mpaka m'mimba," ananong'ona. "Chilipo china?"

Dolifa anatuluka akuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo Chakanza, amene anali asanapemphepo mkaka kwa munthu chibadwire, anathamangira kwa anansi ndi chikho m'manja. Pofika madzulo Enelesi anali atamwa kangapo, ndipo madzi wamba anayambanso kukhazikika. M'mawa kusanatenthe anamukweza pangolo, nafika naye kuchipatala ali ndi mphamvu zoyankha yekha mafunso a anamwino. Anamuthandiza, nachira, ndipo mvula itagwa anabereka mwana wamwamuna wonenepa.

Fombe anagona pakhomopo usiku umodzi wokha. Chakanza anafuna kumupatsa mbuzi, iye anakana, nati madzi amene anamwetsedwa ndi ulemu aja anali okwanira. Anameta mwini khomo tsitsi, napitiriza ulendo wake, ndipo sanaonekenso kuderalo.

Chimene anthu anamutamandira nacho Dolifa n'chakuti sanabise. Amayi akabwera kudzaphunzira chakumwa cha mandimu, chimene posakhalitsa chinafala m'midzi yonse ya kuchigwako, ankamuyamikira kuti ndi nzeru zake. Iye ankakana. "Mtengo unali wanga, mkaka unali wanga, koma ndinakhala nazo zonsezi mwana akufota. Mlendo ndiye anabwera ndi kalumo kakuthwa."

Mawu amenewo anatsala m'kamwa mwa anthu, ndipo mpaka lero akuluakulu amati, "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa." Tanthauzo lake n'lakuti eni mudzi, pozolowera kuona vuto lawo mbali imodzi, nzeru zawo zimabuntha ngati mpeni wogwira ntchito tsiku ndi tsiku, pamene munthu wochokera kwina, amene waona zina, angathe kudula pamene iwo alephera. Mwambiwu sunena kuti mlendo aliyense ndi wanzeru, ndipo sunena kuti tileke kusamala, pakuti Chakanza sanalakwe kuwiritsa lumo ndi kuyamba walawa. Koma kumbukirani kuti kalumo kaja kakanabwerera m'thumba osagwira ntchito, Dolifa akanasankha kuteteza dzina lake m'malo mwa mwana wake. Choncho inu ana, mukasowa pogwira ndipo mlendo akati ali ndi mawu, mupatseni mpando ayankhule. Za kwawo mudzamufunsa wodwala atamwa.