Bokosi la Matheka Asanu ndi Anayi

Panali munthu wina wosauka amene mayi ake anamwalira chaka cha njala. Asanatsirizike, mayiwo anamupempha chinthu chimodzi chokha: "Mwanawe, usadzandikulunge m'mphasa. Ndagonera mphasa moyo wanga wonse."

Munthuyo anathamangira kwa kalipentala wa m'mudzimo. Kalipentala anati, "Pepani, achimwene. Ntchito ndigwira ulere, koma mupeze matabwa anayi ndi theka: awiri a m'mbali, limodzi la pansi, limodzi lovundikira, theka la kumutu ndi kumiyendo."

Matabwa anayi ndi theka! Munthu wopanda ngakhale nkhuku yogulitsa? Anazungulira mudzi wonse, koma thabwa lathunthu silinapezeke. Aliyense ankatulutsa theka: uyu lotsala pokhoma benchi, uyo lotsekera khola la mbuzi, wina loikapo mbale m'khitchini. Iye ankangopukusa mutu n'kumapitirira. Musamuseke ayi, chisoni chimatseka maso. Mumtima ankati, "Mayi anga agone m'zidutswa ngati sanabale mwana?"

Dzuwa linapendeka. Adzukulu okumba manda anatumiza mawu kuti kumanda atsiriza. Amayi a pasiwa anatulutsa mphasa n'kuyamba kuikutumula fumbi. Munthu uja ataiona, mtima unamuwawa koopsa. Anabwerera khomo ndi khomo, mutu uli pansi, n'kutolera matheka onse amene anawakana. Anakawatula kwa kalipentala misozi ili chuchuchu.

"Ndi zomwezi basi," anatero. "Asanu ndi anayi, koma lathunthu palibe ndi limodzi lomwe."

Kalipentala anatenga matheka awiri, nawalumikiza ndi kamtengo kunsi kwake, thabwa limodzi n'kukwana. Anatenganso awiri, kenako awiri, kenakonso awiri. Matabwa anayi anagona pabwalo, ndipo pambali panatsala theka limodzi la kumutu ndi kumiyendo. Ndendende!

Mayi aja anapita m'bokosi lamawangamawanga, mbali ina yakuda ndi utsi, ina yonunkha mbuzi. Koma linali bokosi ndithu, ndipo mwana wawo analiperekeza akulira kulira kwa munthu amene wasunga pangano.

Ana inu, tayang'anani pa bolodi. Mukaona 9/2 musanjenjemere kuti nambala yapamwamba yakula kuposa yapansi. Sanjani mathekawo awiriawiri: athunthu anayi, theka lotsala, ndiye 4½. Mukafuna kubwerera, dulani athunthu aja pakati, apereka asanu ndi atatu, muonjezepo lotsala lija. Palibe chatayika.

Ndipo tsiku limene zidzakuvuteni, anansi anu adzabwera ndi matheka, pakuti ndi zokhazo ali nazo. Musadzawabweze pakhomo. Mudzayambe mwawerenga.