Maliro Opanda Akuchikazi

Panali mayi wina amene analowa m'dziko muno ali mtsikana, kuthawa nkhondo kwawo. Anafika yekha, wapansi, atanyamula kajumbo ka zovala. Anthu achifundo anamulowetsa sukulu, ndipo mutu wake unkagwira kwambiri. Anaphunzira mpaka kukhala pulofesa wa uinjiniya wa makemikolo pa yunivesite ina. Anakwatiwa ndi mwamuna wa konkuno, nabereka mwana mmodzi wamkazi. Mwamunayo sanakhalitse, anamwalira mwana akadali kumsana.

Ntchito ya mayiyu inali ya madzi. Kuli madera ena kumene madzi a pamjigo amaoneka oyera mbee, koma ali ndi mchere wina umene umathimbiriritsa mano a ana ndi kupinda miyendo yawo. Iye anatha zaka makumi awiri akuyesa dothi ndi makala a mafupa a ng'ombe, mpaka anapanga sefa yotchipa yoti aliyense n'kuika mu ndowa. Ophunzira ake ankamuopa, komanso ankamukonda. Ukalakwitsa muyezo, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Bwereza. Madziwa akamwa ndi mwana wa munthu."

Koma za kwawo sankanena. Mwana wake akafunsa kuti, "Amayi, agogo anga anali ndani? Mudzi wathu ndi uti?" iye ankangoti, "Kwanu ndi kuno, mwanangu. Idya." Sikuti anali wouma mtima, ayi. Zimene anaona pothawa zinali zoopsa, ndipo anaganiza kuti chisoni chingasefedwe ngati madzi, mwana n'kumamwa zoyera zokhazokha. Anasefadi. Koma mayina a anthu ake anatsalira m'sefamo pamodzi ndi zowawazo.

Mwanayo anakula, nakwatiwa, nakhala ndi pakati. Chaka chomwecho amayi ake anadwala matenda oti madokotala anangopukusa mitu. M'mawa wina mwanayo anapita kuchipatala atatenga kope latsopano ndi cholembera.

"Amayi, ngati kukamba kukukuvutani, lembani," anatero. "Dzina la amayi anu lokha, ndi dzina la mudzi. Mwanayu akakhala wamkazi ndikufuna ndimutche dzina limenelo."

Mayiyo analandira kope. Analiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anayamba kulemba, ndipo analemba masamba atatu athunthu, mwana wake akupukuta misozi poganiza kuti tsiku lija lafika. Kope litabwezedwa, munali muyezo wa dothi ndi makala, komanso kutentha koyenera kwa ng'anjo yootchera sefa ija, zoti akapatse wophunzira wotsiriza amene anali asanamalize kafukufuku wake.

"Izi n'zofulumira," anatero mayiyo, osamuyang'ana m'maso. "Zinazo ndikuuza ndikatuluka."

Sanatuluke.

Maliro ake anali aakulu. Kunabwera ophunzira ake akale, ena atamera kale imvi. Kunabwera amayi a kumidzi ya mijigo ija, atadzaza lole, akuimba. Analankhula a kuyunivesite, analankhula a kumpingo, analankhula akuchimuna. Ndiye woyendetsa mwambo, munthu wosadziwa mbiri ya malemuyo, anati, "Tsopano timve kwa akuchikazi."

Kunali zii. Anabwereza kuitanako. Anthu anayamba kucheuka, aliyense kuyembekezera kuti wina aimirira kumbuyo. Palibe anaimirira.

Pamenepo mwana uja anadzuka pakati pa amayi amene anakhala pafupi ndi bokosi. Namfedwa salankhula pamaliro a kholo lake, ndipo ena anamukoka chitenje kuti akhale pansi, koma iye anaima ndithu, dzanja litagwira m'chiuno.

"Akuchikazi ndine ndekha," anatero. "Ndikanakonda kutumiza uthenga kwawo kuti mwana wawo wagona kuno. Koma sindikudziwa kotumiza, ngakhale woti ndimutumizire."

Anakhala pansi. Patapita miyezi iwiri anabereka mwana wamkazi, ndipo dzina anapereka ndi akuchimuna.

Inu amene mukundimva, mayiyu ine sindimuweruza. Ndimamumvera chisoni, ndipo ndikaona ana a m'midzi ija akuseka ndi mano oyera ndimamuvulira chipewa. Koma muyezo wa dothi, wophunzira uja akanaupeza yekha poyesa kawiri katatu. Dzina la amayi a pulofesayo linali m'mutu umodzi wokha padziko lonse lapansi. Ambiri a ife timathamangira ntchito osati chifukwa ndi yofulumira, koma chifukwa siwawa ngati funso limene likutidikira kunyumba. Ngati pali chinthu chimene mukuchidziwa inu nokha, ndipo mwana wanu wachipempha, muuzeni lero, ngakhale muzinena mukulira.