Njerwa Pamwamba pa Thanki ya Nsomba

Panali bambo wina m'tauni muno amene ankaweta nsomba m'nyumba. Sizinali nsomba zodya ayi. Anali ndi thanki yagalasi pabalaza, pafupi ndi zenera. M'thankimo munali madzi, timiyala, ndi kamakina kopopa mpweya. Munalinso mbuna imodzi yaimuna, yaikulu, yabuluu wowala, yamizeremizere yakuda. Alendo akafika ankaiwala moni, maso ali pa nsombayo. Bamboyo zimenezi zinkamukomera kuposa kumuyamikira iye mwini.

Tsiku lina kunabwera mlongo wake atanyamula ndowa. Anali atamusamutsa ku ntchito, ndipo kumene ankapitako kunali kutali. M'ndowamo munali kansomba kakakazi ka mtundu wa mbuna, kotuwa, kosatenga maso a munthu. Mayiyo anakalera yekha kuyambira kali kang'ono ngati njere ya mpunga.

"Achimwene, mundisungire aka," anatero. "Ndilibe wina woti ndimusiyire. Kakavuta mundiuze msanga."

"Pitani mtima uli m'malo, achemwali. Muno muli madzi, muli chakudya, mnzake alimo. Kangasowe chiyani?"

Anakathira m'thanki muja, mlongo wake n'kunyamuka.

Bamboyo ankaona nsomba zake m'mawa mokha, pozipatsa chakudya asanapite ku ntchito. Nthawi imeneyo yaikulu ija inkakhala yotanganidwa ndi kudya, yofatsa, yaulemu. Kansomba kaja kankakhala kuseri kwa mwala, osatuluka. Iye ankangoseka n'kunena kuti ndi manyazi a mlendo.

Tsiku lina pobwera ku ntchito anatsegula chitseko n'kuima. Pasimenti panali kanthu kakuphiriphitha, kali fumbi lokhalokha. Kanali kansomba kaja. Anakatola msangamsanga, anakatsuka, n'kukabwezera m'madzi.

"Kupusa kwakeko!" anatero. "Nsomba yanji yothawa madzi?"

Sipanapite masiku ambiri, anakapezanso pansi. Ulendo uno kanali kunsi kwa mpando, nyerere zitayamba kale kukazungulira. Kanali kakupumabe, koma movutikira. Pamene ankakanyamula, mayi wina woyandikana naye nyumba anasuzumira pakhomo, ndipo ataona anagwira pakamwa.

"Aneba, chimenecho n'chiyani? Nsomba kutuluka m'madzi n'kumayenda pabalaza? Ine chibadwire sindinazionepo. Awa ndi malodza. Pali chimene chikubwera pakhomo pano."

Mawu amenewa anamulowa bamboyo mpaka m'mafupa. Anayamba kuwerengetsera abale ake odwala. Foni ikalira ankadzidzimuka, poganiza kuti ndi uthenga wa maliro. Ankaopanso kusekedwa, kuti anthu azinena kuti nyumba yake ngakhale nsomba zikuithawa. Ankaopa mlongo wake, kuti adzamuuza chiyani akadzakapeza katauma pasimenti. Mantha anali ambiri, koma onsewo anali odziopera yekha. Sanakhalepo pansi ngakhale kamodzi kuti ayang'ane m'madzimo nthawi yosakhala ya chakudya.

Ndiye anapita kwa kalipentala, anadulitsa thabwa lofanana ndi kukamwa kwa thanki, lokhala ndi kabowo koponyera chakudya. Anavundikira. Ataona kuti thabwalo ndi lopepuka, anatuluka panja, anatola njerwa n'kuisanjika pamwamba. Kenako anatenga nsalu n'kuphimba thanki yonse, kuti malodzawo asawaonenso ndi maso. Anasasa m'manja nati wathana nazo.

Lamlungu masana anali yekha pabalaza. M'nyumba munali zii. Kenako anamva kugogoda.

Gu.

Anayang'ana kukhomo, kunalibe munthu. Anayang'ana kudenga, kunalibe khoswe.

Gu. Gu.

Kugogodako kunkachokera pansi pa nsalu ija. Nsaluyo inali pafupi, akanangotambasula dzanja n'kuivundukula. Koma anaopa chimene akanaona. Anadzuka n'kukweza wailesi.

Tsiku lomwelo mlongo wake anaimba foni.

"Kali bwanji kansomba kanga, achimwene?"

"Kali bwino. Kakuzolowera pang'onopang'ono."

Pamene ankanena mawuwa, thabwa linagogodanso. Anatuluka panja ndi foniyo kuti mlongo wake asamve.

Masiku otsatira kugogoda kunapitirira. Ankakumva pomwa tiyi, ankakumva pomanga nsapato. Chakudya ankangoponya pakabowo nkhope atayang'ana kumbali. Kenako kugogoda kuja kunayamba kuchepa mphamvu. Kunkamveka patalipatali, motsika, ngati munthu wotopa amene wagogoda nthawi yaitali pakhomo losatsegulidwa. Tsiku lina kunasiyiratu.

Bamboyo anasangalala kwambiri. Anadya bwino, anagona bwino. Anakauza mayi woyandikana naye uja kuti malodza atha, kansomba kakhazikika.

Loweruka kunabwera alendo. Mmodzi anafunsa za nsomba yabuluu imene anamva mbiri yake. Mwini nyumba anaimirira monyadira, anachotsa njerwa, anachotsa thabwa, n'kukoka nsalu.

Yaikulu ija inalipo, yowala kuposa kale, ikuyendayenda mwaufumu. Kansomba kaja kanali kakuyandama pamwamba, mimba kumwamba. Zipsepse zake zinali zodyekadyeka. M'nthiti munalibe mamba. Mlomo unali wophwanyika chifukwa chomenya thabwa. Anthu onse ali chiyang'anire, yaikuluyo inachokera pansi ngati muvi n'kukaluma kansomba kakufako. Inabwerera, inazungulira mwala, n'kudzakalumanso.

Bamboyo tsopano anaona chimene chinkachitika m'madzimo tsiku lililonse iye akatseka chitseko n'kupita ku ntchito.

Anapisa dzanja n'kukatulutsa. Kali m'chikhatho chake, kukamwa kwake kunatseguka, ndipo munatuluka timazira tachikasu. Paja mbuna yaikazi imasunga mazira ake m'kamwa mpaka ataswa. Nthawi yonseyi sikakanatha kudya, sikakanatha ngakhale kubwezera kuluma, chifukwa kakanatsegula kukamwa mazirawo akanatayika. Njira imene kanali nayo inali imodzi, ya kumwamba.

Alendo atapita, anaimbira mlongo wake n'kumuuza zonse.

"Kankadumpha?" anafunsa mayiyo. "Ndiye inu munatani?"

"Ndinavundikira, achemwali. Ndinkafuna kasafe."

Mayiyo anati, "Achimwene, nsomba imadziwa kuti kunja kwa madzi ndi imfa. Mutaona kuti kasankha simenti, simunadzifunse kuti m'madzimo muli chiyani?"



Tsono ndikunena ndi inu ankhoswe, inu alangizi, ndi inu makolo amene mwakhala pano. Chivundikiro si choipa. Nsomba nthawi zina imadumpha chifukwa chongodzidzimuka, ndipo thabwa limaipulumutsa. Koma wovundikira ayambe wayang'ana chimene akuchitsekera m'katimo.

Mwana wanu wamkazi akafika pakhomo ndi kachikwama, khanda lili kumbuyo, musaganize kuti sadziwa manyazi. Akudziwa kuti anthu amuseka. Akudziwa kuti kwanuko kulibe malo ake ogona. Wadziwa zonsezo, koma wabwerabe. Inu mumathamangira kuopa zonena za anthu a kumpingo ndi za akuchimuna. Mumati mkamwini wanu ndi wofatsa, chifukwa mumamuona pa nthawi ya chakudya. Mumamukweza mwanayo minibasi tsiku lomwelo, n'kumusanjika mawu akuti akapirire. Ine zimenezi zimandiopsa, ndipo ndikufuna zikuopseni inunso.

Mukhazikeni pansi. Mufunseni chimene akuthawa, ndipo mudikire mpaka ayankhe. Muyang'aneni m'manja ndi kumsana. Ngati munamubweza kale, ndipo tsopano wasiya kubwera, wasiya kuimba foni, wasiya kudandaula, musauze anzanu kuti banja lakhazikika. Nyamukani lero lomwe mukamuone ndi maso anu.