Milamba ya M'dziwe la Kumtunda

Panali munthu wina kumapiri a ku Dedza, dzina lake Yotamu, amene anali ndi dziwe la nsomba kumtunda kwa dambo. Madzi ankachokera pakasupe n'kulowa m'dziwe lakelo. Akadzaza ankatsika ndi ngalande kupita kumunsi, kumene kunali dziwe lina, la mayi wina wotchedwa Nachanza.

Onse awiri ankaweta makumba, koma zolinga zawo zinali zosiyana. Yotamu ankawetera ndiwo za pakhomo pake. A Nachanza ankawetera mbewu. Ankasunga nsomba zikuluzikulu kuti ziswane, ndipo mvula ikatha, anthu a m'midzi yozungulira ankabwera ndi zidebe kudzatenga tiana ta nsomba tokaika m'maiwe awo.

Yotamu anali ndi mkulu wake, a Lufeyo, mmisiri wa matabwa. Zitseko zambiri za m'deralo anakhoma ndi iwo. Tsiku lina anagwa ali pa ntchito, ndipo potsitsimuka anapeza mbali yonse ya kumanja itafa. Dzanja linalendewera, mwendo unkakoka pansi, lilime linalemera. Sowo ndi nyundo anasiya pomwepo. Anabwera kudzakhala kwa mng'ono wawo, ndipo kuyambira m'mawa mpaka madzulo ankangokhala pakhonde, maso ali pansi.

Yotamu anayesa zambiri. Anabwera ndi bawo, koma a Lufeyo anatembenukira kumbali. Anawatsegulira wailesi, iwo anaitseka. Kenako tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anawatengera kudziwe. Anatunga nyongolotsi ku mbedza n'kuwagwiritsa nsungwi kudzanja lamanzere. Sipanapite nthawi, nsomba inagwira nyambo, nsungwi inanjenjemera. A Lufeyo anakoka, nsomba inagwera paudzu, ndipo anaseka. Chidwalire anali asanasekepo.

Kuyambira pamenepo ankapita kudziwe tsiku lililonse. Yotamu ankawatungira nyambo, iwo ankawedza. Dzinja lonse linatha choncho.

Ndiye kunabwera chisanu. Inu mukuchidziwa chisanu cha kumapiri: nkhungu imakuta dambo mpaka dzuwa litakwera, ndipo madzi amaluma zala. Nthawi imeneyo makumba sadya. Amatsikira pansi n'kukhala duu, ngakhale uwaike nyongolotsi pakamwa. A Lufeyo anakhala m'mbali mwa dziwe masabata atatu, chingwe osagwedezeka. Sabata lachinayi anakana kupita. Anabwerera pakhonde paja, ndipo chakudya chinayamba kubwerera kukhitchini osachikhudza.

Amuna ena okonda kuwedza anauza Yotamu kuti mankhwala ake ndi mlamba. Mlamba ndi nsomba yosusuka, sukana nyambo ngakhale kuzizire, ndipo ukagwira umakoka ngati ng'ombe yokana goli. Yotamu anapita kukafunsa kwa alangizi a za ulimi wa nsomba.

Alangiziwo anati, "M'dziwe mwanu mlamba ungathandize ndithu. Makumba anu achulukitsa, n'chifukwa chake apinimbira. Mlamba udzadya tiana tina, otsalawo adzakula. Koma madzi anu akasefukira amapita kuti?"

Yotamu anati, "Ndidzatchinga ngalande ndi sefa."

Alangizi anati, "Mlamba sudalira ngalande, bambo. Udzu ukanyowa ndi mvula umakwawa pamtunda. Kambiranani kaye ndi akumunsi."

Kuchokera kwa Yotamu kukafika kwa a Nachanza sunali ulendo woti n'kumangira kamba. Munthu ankatha kuitana ali pachulu, winayo n'kuyankha. Koma Yotamu sanapiteko. Ankadziwa kuti mayiwo akana, ndipo akakana iye adzasowa chochita ndi mkulu wake. Choncho anapalasa njinga mpaka ku mtsinje wa Linthipe, nabwera ndi milamba makumi atatu m'chigubu, ina yotalika ngati chikhatho, ina yofika m'chigongono. Anaithira m'dziwe, nakhoma sefa pangalande.

Ndinene zoona, zimene zinatsatira zinali zabwino. A Lufeyo anabwerera kudziwe. Mlamba woyamba unawakoka mpaka anagwada, koma sanautaye. Amuna ena anayamba kubwera ndi nsungwi zawo, atavala majuzi awiriawiri. Ankasonkha kamoto pagombe, kuotcha kachewere, kumacheza uku akudikira. A Lufeyo, amene ankachita manyazi ndi lilime lawo lolemera, anayamba kuyankhula pagulu. Thupi linabwerera. Makumba nawonso anayamba kukula monga ananenera alangizi. Aliyense woona ankati Yotamu wachita zanzeru, ndiponso kuti ndi mng'ono wodziwa kusamala mbale wake.

Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri. M'mwezi wa Febuluwale dziwe linasefukira kawiri, madzi anayenda paudzu osalabadira sefa. Yotamu anaona, koma anangoti mwina palibe chadutsa.

Mvula itatha, tsiku lina masana, a Nachanza anafika pakhomo pa Yotamu atasenza beseni. Anaodira, napatsidwa mphasa, natula besenilo pansi. Munali mlamba waukulu wong'ambidwa pamimba. M'mimbamo munali tiana ta makumba, tina tisanagayike n'komwe.

Anati, "Bambo Yotamu, dzulo ndinakoka ukonde katatu. Chaka chatha nthawi ngati ino ndinadzaza zidebe khumi ndi ziwiri. Dzulo sindinadzaze ndi chimodzi chomwe. Mabanja asanu ndi atatu akumba maiwe atsopano, akudikira mbewu kwa ine. Sindinabwere kudzakangana. Ndabwera kuti muone."

Yotamu anayang'ana uku ndi uku. Anati, "Tsitsani mawu, mayi, achimwene angamve. Sefa ndinaika ine. Mvula ndiyo inachuluka. Chaka chino ndiika sefa ziwiri."

A Nachanza anati, "Mvula idzabweranso." Anatsanzika, nasiya besenilo pomwepo.

A Lufeyo anali kuseri kwa nkhokwe, akuothera dzuwa, ndipo anamva zonse. Anaitana mng'ono wawo kuti abwere nalo besenilo. Anayang'ana nthawi yaitali, akutembenuza tinsombato ndi chala.

Anafunsa kuti, "Unawafunsa mayiwa usanathire?"

"Ayi, achimwene."

"Chifukwa?"

"Akanakana."

"Ndiye kuti unkadziwa."



M'mawa mwake a Lufeyo anatenga ndodo yawo, osati nsungwi, nauza Yotamu kuti atenge khasu ndi mono. Atafika kudziwe anamuuza kuti atseke ngalande yopita kumunsi, akumbe ina yolozera kudimba, ndipo atchere mono pakamwa pa paipi yokhuthulira madzi kuti nsomba isadutse ngakhale imodzi. Yotamu anazindikira chimene chinkafuna kuchitika.

Anati, "Achimwene, chisanu chili pafupi. Tikakhuthula dziweli, inu mudzatani miyezi yonseyo? Ine ndinachitira inu zimenezi."

A Lufeyo anati, "Ndikudziwa, ndipo ndinakondwa. Koma ndinkati chingwe chikulemera ndi mwayi wanga. Sindinkadziwa kuti ndikukoka nsomba za mayi uja."

Anatsikira pamene panali paipi, akukoka mwendo m'matope. Paipiyo inali yotsekedwa ndi chikuni chokulunga ndi mphira, chokhomedwa zolimba. Anachigwira ndi dzanja lamanzere, sichinasunthe. Yotamu anayandikira kuti athandize, iwo anati, "Leka." Anachimenya ndi ndodo mbali iyi, kenako mbali inayo, monga amachitira mmisiri pozula msomali wokanirira. Thukuta linatuluka ngakhale kunali kamphepo. Pomaliza chikuni chinazuka, madzi anathovoka.

Dziwe linakhuthuka masiku awiri. Makumba akuluakulu Yotamu anawatengera kwa a Nachanza m'zidebe. Milamba anaifukula m'matope umodziumodzi, yaikulu ndi tiana take tosawerengeka, naiwamba pamoto. Kenako analisiya dziwelo kuti liume mpaka dothi ling'aluke, pakuti mlamba umatha kubisala m'thope n'kukhalabe wamoyo.

Mwezi wa Juni unapeza dziwe lili gwa. Anzawo owedza aja analeka kubwera. Ena ankang'ung'udza kuti chisangalalo cha amuna onse chatha chifukwa cha mayi mmodzi. A Lufeyo anabwerera pakhonde. Sanadandaule, ndipo chakudya ankadya, koma nsungwi yawo inatsamira pakhoma, akangaude n'kumangapo. Yotamu akadutsa ankayang'ana kumbali.

Tsiku lina m'mawa, nkhungu isanachoke, a Nachanza anabweranso. Ulendo uno analunjika kwa a Lufeyo, nagwada chapatali.

Anati, "Bambo, ndamva zimene munachita. Koma kwanga vuto silinathe. Milamba ikadali m'dziwe mwanga. Ndikakoka ukonde imalowa m'thope. Kukhuthula madzi sindingathe, chifukwa nsomba zoswana zingandifere. Ndinaganiza usana wonse wa dzulo. Makumba anga sakudya tsopano. Ndiye kuti chilichonse chogwira nyambo mwezi uno ndi mlamba. Ine kuwedza sindidziwa. Kodi simungandithandize?"

 A Lufeyo anaitana kuti, "Yotamu, kakumbe nyongolotsi."

Njira yotsikira kumunsi inali yoterera, choncho Yotamu ankawakweza panjinga n'kumakankha, m'mawa kupita, madzulo kubwerera. Patapita masiku angapo, amuna ong'ung'udza aja anatsatira ndi nsungwi zawo. A Nachanza anawalola, koma anaika lamulo limodzi: mlamba wotuluka m'madzi usabwereremo, ukhale waukulu kapena waung'ono. Pofika mwezi wa Ogasiti anali atachotsa milamba yambiri, ndipo yochuluka anagwira ndi a Lufeyo, pakuti iwo ndiwo ankafika oyamba ndi kuchoka omaliza.

Musaganize kuti zonse zinabwerera m'malo. Chaka chimenecho mabanja asanu ndi atatu aja sanalandire mbewu. Awiri anataya mtima, nadzala nzimbe m'maiwe amene anakumba ndi thukuta. Chaka chotsatira tiana ta makumba tinayambanso kuoneka, koma zidebe sizinafike khumi ndi ziwiri. Ndipo mpaka lero palibe angalumbire kuti m'dziwe la a Nachanza simunatsale mlamba ngakhale umodzi.

Tsono abale anga, inu amene mwasonkhana pano kuti tigwirizane zothira milamba m'damu lathu, mverani. Mlamba si nsomba yoipa, ndipo ofuna kuwedza m'chisanu sakupempha chinthu chopusa. Chisanu n'chachitali, ndipo pali anthu pakati pathu amene mbedza ndiyo imawatulutsa m'nyumba. Yotamu sanachite zija chifukwa cha dyera. Anachita chifukwa cha chikondi, ndipo chikondi chomwecho chinadyetsa mlamba mbewu ya mabanja asanu ndi atatu. Kuthira kunamutengera kanthawi kopendeketsa chigubu. Kuchotsa kunatenga anthu ambiri chisanu chathunthu, ndipo sikunathe.

Choncho tisanakweze manja, tiyeni titsike ndi ngalande yathu mpaka kumene ithera, tifunse aliyense amene timupeze m'njiramo. Ndipo ngati mumtima mwanu muli dzina la munthu amene simukufuna kukamufunsa chifukwa mukudziwa kale kuti akana, muyambire pakhomo pa ameneyo.