Apongozi a Tsidya la Msewu

Iyi ndinaimva kale ku Lizulu, miyendo idakali yanga. Kumeneko malire ndi msewu basi: uku Malawi, uko Mozambiki.

Tsiku la msika mayi wina wa tsidya la Mozambiki, Nangozo, anawoloka msewuwo atasenza thumba la kachewere. Msilikali wa pamalire, Lufeyo, anamutsekera njira.

"Katundu wakunja uyu, mayi. Tulani, watsala pano."

Koma Nangozo anali atamva kuti mnyamatayo wangokwatira kumene tsidya lomwelo la Mozambiki. Anatembenuka msanga, nadziphimba kumaso ndi chitenje, nafuulira azimayi anzake a paulendo.

"Anzanga inu, muuzeni mkamwiniyu asandiyang'ane! Mkazi wakeyo ndi mwana wa mng'ono wanga."

Lufeyo chipewa m'manja, bondo pansi, maso kutchire. Apongozi sayang'anizana nawo, nanga kuwalanda? Anasenza yekha thumbalo mpaka pamsika, thukuta kamukamu.

Msika wotsatira, azimayi onse a tsidya anatulukira ndi matumba, aliyense atadziphimba kumaso.

"Kodi mkazi wanga anabadwa kwa amayi angati?" anadandaula Lufeyo.

"Munakwatira mudzi, bambo," anatero mawu a Nangozo kuseri kwa chitenje. "Yambani ndi lolemeralo."

Ndipatseni chikwama changacho, ndiziona msewu nyale zisanazime.